Bilu ya foni ikabwera ndi dzina la kampani yomwe simunaisankhe

Vutoli limalowa mwakachetechete. Foni ya m'nyumba ikulira monga mwa masiku onse, nambala ndi yomweyo, mukaimba kumudzi mawu akumveka bwinobwino. Mumadzazindikira mwezi utatha, bilu itabwera yokwera modabwitsa, ndipo patsamba lachiwiri kapena lachitatu pali dzina la kampani yomwe simunaimvepo chibadwire. Zomwe zachitika n'zakuti wina wakuchotsani ku kampani yomwe munasankha kuti izinyamula mafoni anu akutali, n'kukulembetsani ku kampani yake, inu osadziwa. Ku United States mchitidwe umenewu amati slamming, ndipo lamulo limauletsa.

Ndikulembera makamaka abale athu okhala ku America omwe akadali ndi foni ya waya kunyumba, kutchalitchi kapena pa bizinesi, komanso omwe amasamalira okalamba n'kumawathandiza kuwerenga mabilu. Kwa ife vutoli limapweteka kwambiri chifukwa mafoni athu ambiri ndi a 011 265. Munthu amasankha kampani yake ataona kuti mtengo woimbira ku Malawi ndi wabwinoko. Akamusamutsa mwachinyengo, mgwirizano wa mtengo wotsika uja umatsala ku kampani yakale, ndipo mphindi iliyonse yomwe wacheza ndi mayi ake ku Dedza imawerengedwa pa mtengo wina womwe sanagwirizane nawo.

Zimatheka bwanji?

Kwathu munthu akafuna Airtel kapena TNM amagula simu, ndipo palibe angamusinthire kampani foni ili m'thumba. Foni ya waya ku America ndi yosiyana. Kufikira pa 1 January 1984, kampani ya AT&T ndiyo inkagwira pafupifupi zonse. Itagawidwa, mafoni apafupi anatsala m'manja mwa makampani a m'zigawo, ndipo mafoni akutali anatsegulidwa kuti makampani monga MCI ndi Sprint azipikisana ndi AT&T. Kuyambira pamenepo waya umodzi womwewo umatha kukhala ndi makampani angapo: ina ya mafoni apafupi, ina ya mafoni otalikirako koma a m'dera lomwelo, ina ya mafoni akutali ndi akunja.

Chiboo chili pa kasinthidwe kake. Inu mukafuna kampani yatsopano ya mafoni akutali, nthawi zambiri si inu mumauza kampani yomwe inakukokerani waya. Kampani yatsopanoyo ndiyo imatumiza uthenga wakuti nambala yakutiyakuti yabwera kwathu, ndipo a waya amangosintha. Njirayi inapangidwa kuti kusintha kukhale kosavuta, koma akamberembere anaona kuti akhoza kutumiza uthengawo mwini nambala asanavomere. Madandaulo atachuluka, lamulo la Telecommunications Act la 1996 linaika gawo 258 loletsa kusintha kampani ya munthu popanda kutsata njira zotsimikizira chilolezo chake, ndipo bungwe loyang'anira za mauthenga la Federal Communications Commission, lomwe ambiri amangoti FCC, linalemba malamulo atsatanetsatane omwe ndikufotokoza pansipa.

Kuti tisasokonezeke, makampani atatu m'nkhaniyi ndiziwatchula motere: kampani ya waya, kampani yanu yeniyeni, ndi kampani yolowerera.

Yambani mwatsimikiza

Tengani foni yomwe mukuikayikirayo, osati ya m'manja, muimbe 1-700-555-4141. Simulipira. Mumva mawu ojambulidwa otchula kampani yomwe ikunyamula mafoni anu akutali panopa. Kuti mudziwe ya mafoni otalikirako a m'dera lanu, imbani 1, kenako manambala atatu a dera lanu, kenako 700-4141.

Kenaka ikani bilu ya mwezi uno pambali pa ya mwezi watha ndi ya mwezi winawo. Malamulo a FCC amafuna kuti dzina la kampani iliyonse yomwe ikukulipiritsani lilembedwe pa bilu, ndipo ngati pali kampani yatsopano, zionekere poyera. Pezani tsiku lomwe kusinthako kunachitika ndipo mulilembe penapake. Zambiri zomwe zikutsatira zimawerengedwa kuchokera pa tsiku limeneli. Ngati pa bilu silikuoneka, a kampani ya waya ali nalo m'makompyuta awo.

Musanapse mtima, funsani kaye am'nyumba. Mwina bambo kapena mayi a m'nyumbamo anavomera pa foni n'kuiwala kunena. Mwinanso kampani yanu inagulidwa ndi ina. Zikatero lamulo limafuna kuti akulembereni kalata kukadali masiku osachepera 30, ndiye yang'anani m'makalata omwe munangounjika osatsegula. Palinso makampani ang'onoang'ono omwe alibe mawaya awoawo, amagula mphindi kwa akuluakulu n'kumagulitsa, ndipo kwa otere nambala ya 700 ija ikhoza kutchula kampani yaikuluyo m'malo mwa yomwe mumalipira. Ndipo ngati kampani sinasinthe koma pa bilu pawonjezeka tindalama ta zinthu zomwe simunapemphe, limenelo ndi vuto lina, amati cramming. Nalonso n'loletsedwa, ndipo mumadandaula ku mabungwe omwewo, koma malamulo a masiku 30 ndi 150 peresenti omwe akubwerawa si ake.

Ngati simunalipire, musalipire

Apa ndi pomwe ambiri a ife timalakwitsa. Tinaleredwa kuopa ngongole, ndipo munthu wokhala m'dziko la eni safuna kuti dzina lake lide pa nkhani ya ndalama. Ndiye amalipira msanga, ati akadandaule pambuyo. Koma lamulo limamuteteza kwambiri munthu yemwe sanalipire.

Ngati mwasamutsidwa popanda chilolezo ndipo simunalipire, mafoni onse omwe munaimba kudzera ku kampani yolowerera m'masiku 30 oyamba simulipira kwa wina aliyense. Osati kwa yolowererayo, osatinso kwa yanu yeniyeni. Omwe munaimba masiku 30 atadutsa mumalipira, koma ku kampani yanu yeniyeni ndiponso pa mtengo wake, osati pa mtengo wa yolowererayo. Ndalama yosinthira, yomwe a waya amalipiritsa pokusamutsani ndi pokubwezerani, si yanu kulipira. Imagwera kampani yolowerera.

Chenjerani pano: zomwe mukukana ndi gawo la kampani yolowerera lokha. Gawo la mafoni apafupi, intaneti ndi zina zomwe mulibe nazo mkangano lipirani pa nthawi yake, ndipo auzeni a waya momveka bwino kuti ndalama yomwe yatsalayo mukuitsutsa chifukwa cha slamming. Ngati bilu imadulidwa yokha ku akaunti yanu ya kubanki, imitsani zimenezo tsiku lodula lisanafike, chifukwa ikangodulidwa mwalowa m'gulu la omwe analipira.

Tsopano imbani mafoni atatu, tsiku limodzi ngati n'kotheka.

Kwa a kampani ya waya nenani kuti mwasamutsidwa popanda chilolezo, mukufuna kubwezeredwa ku kampani yanu yeniyeni popanda kulipira kanthu, ndipo achotse pa bilu ndalama zonse za kampani yolowerera. Tchulani liwu lakuti slamming. Wolandira foni akalimva amadziwa kuti pali njira yake yomwe ayenera kutsata, ndipo lamulo limawakakamiza kudziwitsa makampani enawo za dandaulo lanu.

Kwa a kampani yanu yeniyeni nenani zomwezo, koma onjezani kuti akubwezereni pa mgwirizano womwe munali nawo, ndi mtengo wake womwewo woimbira kunja. Izi musaziiwale. Munthu akhoza kubwezeredwa ku kampani yake koma n'kuikidwa pa mtengo wamba, ndiye mwezi wotsatira bilu n'kubweranso yokwera ngakhale dzina lili lolondola.

Kwa a kampani yolowerera, omwe nambala yawo imayenera kukhala pa bilu, nenani mawu ochepa: simunapereke chilolezo, achotse ndalama za masiku 30 oyamba, ndipo akutumizireni umboni womwe akuti ali nawo. Musakambirane nawo za mtengo, ndipo akakunyengererani kuti akuchotserani theka mukakhala nawo, kanani. Pa foni iliyonse lembani tsiku, nthawi, dzina la yemwe mwalankhula naye ndi nambala ya dandaulo yomwe akupatsani.

Msampha wa masiku 30 achiwiri

Anthu ambiri amasiyira pamenepa. Ndalama zachotsedwa pa bilu, foni yabwerera mwakale, basi nkhani yatha. Koma siinathe. Kampani yolowerera ikalandira dandaulo lanu imayenera kuchotsa ndalamazo pa bilu nthawi yomweyo, komabe ili ndi ufulu wotsutsa kuti inu munavomera. Ikasankha kutsutsa, imayenera kukudziwitsani, ndipo inu mumakhala ndi masiku 30 oti mukapereke dandaulo ku bungwe la boma. Masikuwa amawerengedwa kuchokera pa tsiku lomwe anachotsa ndalamazo kapena lomwe anakudziwitsani, potengera lomwe labwera pambuyo. Mukapanda kudandaula m'nthawi imeneyi, ndalama zija zimabwereranso pa bilu.

Ndiye maganizo anga ndi akuti musadikire n'komwe kuti atsutse. Perekani dandaulo sabata yomweyo. Kuimba foni ku makampani n'kofunika, koma chomwe chimawamanga manja ndi dandaulo lolembedwa ku boma.

Dandaulo limapita kuti? Zigawo zambiri za America zinasankha kumaweruza zokha milandu imeneyi kudzera m'mabungwe awo oyang'anira magetsi, madzi ndi mafoni, omwe mwa zina amatchedwa Public Utilities Commission kapena Public Service Commission. M'zigawo zotsalazo FCC ndiyo imaweruza. Njira yosavuta yodziwira kwanu ndi kuimba ku FCC pa 1-888-225-5322, kapena kulowa pa consumercomplaints.fcc.gov. Kudandaula sikulira ndalama ndipo sikufuna loya.

M'dandaulo lembani dzina lanu, keyala yanu, nambala yomwe inasamutsidwa, mayina a makampani onse atatu, tsiku lomwe kusinthako kunachitika, ndalama zomwe akukulipiritsani, ngati mwalipira kapena ayi, ndi zomwe mukufuna zichitike. Phatikizani chithunzi cha bilu. Chingerezi chake chisakudetseni nkhawa. Chofunika ndi masiku ndi manambala olondola.

Kuchokera apa katundu wolemera amasenza ndi kampani. Si inu muyenera kuonetsa kuti simunavomere. Iwo ndiwo ayenera kubweretsa umboni womveka ndi wokhutiritsa kuti munavomera, ndipo amapatsidwa masiku 30 kuti aupereke ku bungwe loweruzalo. Akalephera kuyankha kapena kupereka umboni, mlandu wawagwera.

Ngati munalipira kale

Ndalama sizinapite zonse, koma njira yake ndi yotalikirapo. Bungwe la boma likagamula kuti munasamutsidwadi popanda chilolezo, kampani yolowerera imalamulidwa kupereka 150 peresenti ya zomwe munalipira kwa kampani yanu yeniyeni. Pa ndalamazo, kampani yanu imakubwezerani theka la zomwe munalipira pasanathe masiku 10 italandira. Tinene kuti munalipira madola 100: yolowerera ipereka 150, inu mulandira 50, ndipo 100 itsala ku kampani yanu yeniyeni, yomwe inalandidwa kasitomala.

Theka limeneli nthawi zina silikwana, makamaka kwa oimba kunja. Ngati kampani yanu ikanakulipiritsani madola 20 okha pa mafoni omwe yolowerera inakulipiritsani 100, ndiye kuti munaluza 80, osati 50. Lamulo limakulolani kupempha kuti kampani yanu iwerengenso mafoniwo pa mtengo wake, n'kukafunira ndalama yotsalayo kwa yolowerera. Sachita okha zimenezi, muyenera kupempha. Werengerani kaye nokha ndi mabilu akale kuti muone njira yomwe ikupindulirani.

Pali chinthu china chowawa chomwe ndiyenera kunena. Kampani yanu imakubwezerani pokhapokha iyo italandira. Yolowererayo ikapanda kulipira m'masiku 45, kampani yanu imangoyenera kukudziwitsani, n'kukuuzani kuti muli ndi ufulu wokalondola nokha ndalama zonse zomwe munalipira. Makampani achinyengo ena amatseka n'kusowa. N'chifukwa chake ndalimbikira kuti yemwe sanalipire asalipire.

Akanena kuti "tili ndi mawu anu"

Yankho lomwe mudzalimve kawirikawiri n'lakuti munavomera pa foni ndipo anajambula. Musagwe mphwayi. Pemphani kuti mumve zomwe anajambulazo, zonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Makampani amayenera kusunga umboni wa chilolezo kwa zaka ziwiri.

Lamulo limavomereza njira zitatu zikuluzikulu zotsimikizira: kalata yosainidwa pa pepala kapena pa intaneti, kuimba nokha pa nambala yaulere kuchokera pa foni yomwe ikusinthidwayo, kapena kufunsidwa ndi kampani ina yoima payokha. Njira yachitatuyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito ndi otsatsa malonda pa foni, ndipo ili ndi malamulo okhwima. Wotsimikizirayo asakhale wa kampani yomwe ikukufunaniyo, asamalandire ndalama potengera kuchuluka kwa omwe avomera, ndipo wotsatsa malonda uja ayenera kuchoka pa foni akangokulumikizani. Pa zojambulidwazo payenera kumveka tsiku, dzina la mwini nambala, kuti wolankhulayo ali ndi mphamvu yosintha kampani, kuti akufunadi kusintha, kuti akumvetsa zoti uku n'kusintha kampani osati kungokonza mtengo kapena kuphatikiza mabilu, mayina a makampani okhudzidwa, nambala yomwe ikusinthidwa ndi mtundu wa mafoni. Mvetserani muli ndi cholembera m'manja. Chilichonse chomwe chikusowa chilembeni m'dandaulo. Ngati mawuwo ndi a mwana, a mlendo kapena a wantchito, nenani. Ngati "yes" akumveka chimodzimodzi pa funso lililonse, kapena phokoso la kumbuyo likudukaduka, nenaninso, chifukwa FCC inagwirapo makampani omwe ankapeka zojambulidwa zotere.

Nanga ngati mawuwo ndi anudi? Zimachitika motere: wina amaimba n'kunena kuti ndi wa kampani yanu yomweyo, akufuna kukutsitsirani mtengo kapena kutsimikizira keyala, ndiye akulumikizani ndi mnzake, inu muzingoyankha kuti inde. Mu 2018 FCC inakhazikitsa lamulo lakuti ngati wotsatsa malonda ananama pa chinthu chachikulu, chilolezo chomwe anapezacho n'chopanda ntchito, ngakhale chitajambulidwa bwino chotani. Choncho fotokozani m'dandaulo zomwe anakuuzani asanayambe kujambula, mawu ake enieni momwe mukuwakumbukira. Palibe chochititsa manyazi apa. Anthu amenewa amasankha dala okalamba ndi omwe Chingerezi anachiphunzira atakula.

Pa za kalata, fufuzani ngati munasainapo fomu ya mpikisano kumsika kapena pa chionetsero, kapena ngati munakasintha kubanki cheke chaching'ono chomwe chinangobwera pa positi. Kalata yopereka chilolezo siyenera kuphatikizidwa ndi zokopa monga mpikisano pa pepala limodzi. Cheke amachilola, koma pokhapokha chitalembedwa m'malemba akuda ooneka bwino kutsogolo kwake ndi pafupi ndi posainira kuti kusaina n'kuvomera kusintha kampani. Ndipo ngati gawo lina la kalatayo analimasulira m'chilankhulo china, yonse iyenera kumasuliridwa.

Zikamabwerezabwereza

Ena amati akakonza, pakapita miyezi ingapo zachitikanso. Mankhwala ake ndi kutseka nambala kuti isasamutsidwe. Imbani ku kampani ya waya mupemphe PIC freeze, ena amati preferred carrier freeze. Akatseka, uthenga wochokera ku kampani ina sukwanira kukusamutsani. Mpaka inu mwini mutatsegula, polemba kalata kapena polankhula nawo, ngakhale pa foni ya anthu atatu pamodzi ndi kampani yatsopano yomwe mwaisankha. Kutsekaku kumachitika pa mtundu uliwonse wa mafoni paokha, ndiye tchulani yonse: apafupi, otalikirako a m'dera, ndi akutali. Funsani ngati pali malipiro, ndipo tsekani mutatsimikiza kale kuti mwabwezeredwa ku kampani yanu yeniyeni, kuopa kudzitsekera kwa yolowererayo. Ngati pa bizinesi kapena pa tchalitchi pali manambala angapo, iliyonse itsekedwe.

Loko ameneyu ali ndi malire ake. Makampani ang'onoang'ono ogula mphindi aja amadutsa pa mawaya a kampani yaikulu, ndiye ngati kampani yanu ndi yolowererayo zonse zimadutsa pa kampani yaikulu imodzi, kusinthako kukhoza kuchitika m'kati mwa yaikuluyo, a waya osaona chilichonse. Pamenepo loko sagwira, ndipo nambala ya 700 ikhoza kumatchulabe dzina lomwelo. Chomwe chimaulula ndi bilu basi. Zikatero imbani ku kampani yomwe yatchulidwa pa nambala ya 700, muwafunse kuti nambala yanu ailemba pansi pa yani, ndipo muwauze kuti asaisunthe popanda mawu anu. Dandaulo ku boma limayenda chimodzimodzi.

Kunyumba gwirizanani kuti nkhani za foni amayankha ndi munthu mmodzi. Wina akaimba n'kunena kuti ndi wa kampani yanu, dulani, muimbe nokha pa nambala yomwe ili pa bilu. Kwa agogo omwe amakhala okha masana, lembani zimenezi pa kapepala n'kumata pafupi ndi foni.

Malamulo onsewa ndi a foni ya waya. Pa foni ya m'manja mulibe kusankha kampani ina ya mafoni akutali, ndiye slamming ya mtundu uwu kulibe. Kumeneko choopsa n'chakuti mbava imasamutsa nambala yanu yonse kupita ku simu ina kapena ku kampani ina, n'cholinga cholandira mauthenga a kubanki. Chizindikiro chake ndi netiweki kuzimiririka mwadzidzidzi pomwe mafoni a anzanu akugwira. Pemphani kampani yanu ya foni ya m'manja kuti iike nambala yachinsinsi pa akaunti ndi kutseka kusamutsa nambala, ndipo netiweki ikasowa motero, imbani ku kampaniyo ndi kubanki nthawi yomweyo pa foni ya munthu wina.